Mapapu ndi Sitima Yomira

Tsiku limene anamutulutsa m'madzi ngati mwana wosamva, Mapapu anali atayamba kale imvi m'ndevu.

Anakhala pansi m'boti, botolo la mpweya lidakali kumsana, madzi akuchucha m'suti yake ya labala. Ophunzira anzake, achinyamata a msinkhu wa ana ake, ankayang'ana kumtunda ngati kukuchitika zachilendo. Mphunzitsi wawo, mayi wochepa thupi wosakonda kukweza mawu, anavula magalasi a m'madzi n'kumuyang'ana m'maso.

"Bambo, vulani botolo langa."

"Aphunzitsi, ine ndavuuka bwinobwino. Taonani, sindikupuma n'komwe wefuwefu."

"Chimene ndikukuchotserani n'chomwecho. Mwakwera mutatseka pakhosi. Ndikanapanda kukugwirani lamba n'kukukankhani pamimba, bwenzi pano tikuthamangira nanu kuchipatala. Vulani."

Anavula. Mlamu wake, amene ankayendetsa botilo, analiza injini.

Inu owerenga, ngati munalepherapo pa chinthu chimene aliyense ankati ndinu katswiri wake, nkhaniyi ndi yanu.

Dzina lakuti Mapapu sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anthu a padoko, chifukwa panalibe wina wokhalitsa pansi pa madzi ngati iye. Ankabira ndi mpweya wa m'chifuwa basi, mkondo uli m'manja, n'kukasowa mpaka omudikira m'bwato kuyamba kuyang'anana. Kenako ankavuuka ndi nsomba yaikulu ikuphiriphitha, iye nkhope ili phee, ngati munthu amene wangochokera kuseri kwa nyumba.

Malo ake anali pa sitima yomira. Inali sitima yakalekale yoyendera malasha, imene inagunda matanthwe kufupi ndi doko agogo ake asanabadwe. Inagona chammbali pamalo osazama kwenikweni, moti nyanja ikachita bata munthu ankaona chithunzithunzi chake ali m'boti. M'kupita kwa zaka makorali, miyala yamoyo ija yomera ngati nthambi ndi bowa, anaikuta yonse, ndipo nsomba zinamangapo mudzi. Bambo ake ankasodza pomwepo, ndipo lamulo limene anamusiyira linali limodzi lokha: "Mpweya ndi wako. Nyanja usaipatse ngakhale kathovu kamodzi mpaka utaona dzuwa."

Lamulo limeneli ndi limene linamanga nyumba yake. Ndi limenenso linaphunzitsa ana ake sukulu mpaka anachoka pakhomo.

Kenako kunabwera akuluakulu oona za zinthu zakale. Anaijambula sitimayo, anaiyeza, n'kulengeza kuti ndi chuma cha mbiri choyenera kusungidwa. Anazunguliza malowo ndi zoyandama zachikasu. Mkondo unaletsedwa, ukonde unaletsedwa, ngakhale kutola kachitsulo kogwa kokha. Ololedwa kufikapo anali alendo ovala mabotolo a mpweya, motsogozedwa ndi munthu wokhala ndi chiphaso. Kunena chilungamo, nsomba zinali zitayamba kale kuchepa, ndipo Mapapu ankadziwa zimenezo. Koma kudziwa sikukhutitsa.

Anayamba ganyu pamsika wa nsomba, kunyamula mabokosi a madzi oundana. Munthu amene ankabweretsa nsomba zodabwitsa msika wonse, tsopano ankasesa mamba a nsomba za ena. Pakhomo ankadalira makina osokera a mkazi wake, amene ankalira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha.

Choncho pamene kakampani kotengera alendo pansi pa madzi kanalengeza kuti kaphunzitsa asodzi akale kukhala otsogolera alendo, Mapapu ndiye anayamba kufika. Mumtima ankati akungopita kukalandira chiphaso. Nanga mphunzitsi, mwana wa dzulodzuloyu, angamuuze chiyani za sitima imene iye anakulirapo?

Ndi mtima umenewo anafika nawo pa tsiku lija.

Atafika kumtunda, ophunzira ena anabalalika msanga. Mphunzitsi anamuitanira kuseri, m'shedi yotsukira zida, mmene munkanunkha labala wonyowa ndi mchere. Masuti anali lendelende pa waya, atatembenuzidwa kunja kukhala mkati. Mayiyo anamukokera mpando, iye mwini n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Bambo, ndikudziwa kuti ndinu ndani. Ndili mwana ndinkathamangira kudoko kukaona nsomba zanu. Koma tamverani. Mpweya umene munkatenga pamwamba n'kupita nawo pansi unkabwerera pamwamba uli chimodzimodzi. N'chifukwa chake simunavulalepo. Wa m'botolowu ndi wina. Mumaukoka muli pansi, madzi ataupanikiza. Mukamakwera umafufuma. Mukautsekera m'chifuwa umasowa kotulukira, umang'amba mapapu. Ndipo pamadzi osazama ngati pa sitima yanu ija, m'pamene umafufuma mofulumira kwambiri."

"Munationetsa kale ndi chibaluni chija munachipopera pansi pa madzi."

"Ndinakuonetsani, inu munaseka."

Mapapu anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Ndikupatsani mpata umodzi, nyengo ya mafunde isanayambe," mayiyo anapitiriza. "Pakadali pano muzibwera kudzatsuka zida, ndipo tizigwada limodzi pamchenga, pamadzi ofika m'mutu. Pamenepo lakwitsani mmene mungafunire. Koma tikadzabwerera pa sitima, ndikadzachita kukugwiraninso chifukwa thovu lanu lasiya kutuluka mukukwera, simudzavalanso botolo pano. Kuli bwino muzindida muli moyo."

Madzulo amenewo anapeza mkazi wake akupinda diresi la kasitomala, mapini ali pakamwa. Anakhala pa sitepe n'kufotokoza zonse mwachidule, maso ali kumsewu.

"Sindibwererako," anatero pomaliza. "Kamwana kaja kandiphunzitse kupuma? Ine?"

Mkazi wake anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi, n'kuwabaya pa kansalu ka padzanja.

"Nanga panopa mukupuma?"

Mapapu anafuna kuyankha, koma anazindikira kuti chifuwa chake chinali gwa. Mpweya unatuluka wonse pakamodzi ngati tayala laphulika.

"Mwaona? Inu bambo mumagwira mpweya pa chilichonse. Pomanga nsapato, pothira tiyi, pomvera nkhani pa wailesi. Tsiku limene munabwera kudzandifunsira ndinkaopa kuti mukomoka musanamalize mawu."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Zinkatidyetsa. Ndikananena bwanji?"

Anaponda makina, kenako anaimitsanso.

"Ngati simukufuna kubwererako, musabwerereko. Makinawa sanatope. Koma ine ndatopa kukuonani mukuyang'ana kunyanja ngati munthu woyang'ana nyumba imene anamulanda."

M'mawa mwake Mapapu anapita kumsika, tsiku linalo anapitanso kumsika. Koma tsiku lotsatira, mkazi wake anamva chinthu chikukhuluzika kuseri kwa nyumba. Atasuzumira anapeza mwamuna wake akukoka mgolo wochapira, akuudzaza madzi mpaka pakamwa.

"Amayi, bweretsani makinawo kuno," anatero osamuyang'ana. "Ndizimiza mutu. Mukaona thovu lasiya, mundimenye."

"Ndi chiyani?"

"Chilichonse."

Mkazi uja anasankha tepi yake yoyezera. Anakhazika makina pakhomo la kuseri, pamene ankatha kusoka diso limodzi lili pamgolo. Mapapu ankakoka mpweya, kumiza mutu, n'kuyamba kung'ung'udza pang'onopang'ono kuti kamzere ka thovu kazituluka osaduka, monga mmene mphunzitsi ankafunira.

Masiku oyamba tepi inalira pafupipafupi. Mutu unkamvetsa bwinobwino, koma khosi linali ndi mutu wakewake. Madzi akangokhudza nkhope, linkatseka lokha ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo. Ndipo akalikakamiza kutseguka, thupi lonse linkakuwa kuti akutaya moyo. Ankadzuka m'mgolomo mtima ukugunda, iye amene sanaopepo madzi chibadwire.

Tsiku lina mlamu wake anatulukira pakona ya nyumba, n'kupeza miyendo iwiri ndi msana, mutu uli m'mgolo.

"Achemwali, chule wamkulu chonchi mwamugula kuti?"

"Musandisokoneze, ndikuyang'anira thovu."

Mapapu anadzutsa mutu, madzi akuyenderera m'ndevu.

"Alamu, mukufunafuna chiyani m'menemo? Mwamiranso sitima ina?" anafunsa mlamu uja.

"Inu alamu, munthu woyendetsa boti koma osadziwa kusambira, nkhani za madzi musamaziyankhire."

"Ine ndimadziwa malo anga. Pamwamba. Simunandionepo ndikumenyedwa ndi tepi."

Anaseka onse, ngakhale Mapapu yemwe. Kenako mlamu uja anakhala pa njerwa, n'kunena kuti apatsidwe tepiyo, chifukwa mlongo wake ankamenya mwachifundo.

Kumsika nako anayamba kudziphunzitsa. Ponyamula bokosi lolemera, pamene munthu aliyense amaumitsa chifuwa, iye ankang'ung'udza. Pokwera masitepe a kosungira madzi oundana ankang'ung'udzanso. Amayi ogulitsa nsomba anayamba kufunsana ngati m'denga mwalowa njuchi. Anzake akale obira ndi mkondo, amene tsopano ankangokhala pansi pa mtengo kusewera makadi, ankamukuwiza akamadutsa.

"Mapapu! Tamva kuti mapapu aja unagulitsa, tsopano ukubwereka a m'botolo!"

Zinkamupweteka. Anthu amenewa anali atamuonapo pa ulemerero wake. Ankamva khosi likutseka chifukwa cha mkwiyo, ndipo pomwepo ankalitsegula, n'kudutsa akung'ung'udza.

Masana ankapita kushedi. Ankaviika masuti m'bafa la madzi opanda mchere, kutsuka zopumira zimene anthu amaluma pakamwa, kuyanika zipsepse za kumapazi motsatira kukula kwake. Anaphunzira kudzaza mabotolo pa makina aphokoso aja, ndi kuyang'ana kamphira kakang'ono ka pakamwa pa botolo ngati kang'ambika. Ntchito ikatha, mphunzitsi ankamutengera pamchenga pafupi ndi doko. Ankagwada moyang'anana, madzi atawapitirira pang'ono. Mayiyo ankamuchotsa chopumira pakamwa mosayembekezera, kapena kumudzazira madzi m'magalasi, dzanja lina atamugwira pachifuwa. Thovu likasiya, ankangopukusa mutu, n'kuyambiranso.

Anapukusa mutu kwa milungu yambiri. Ophunzira aja amene anayamba naye limodzi analandira ziphaso zawo zoyamba, anajambulitsa zithunzi pakhomo la kampani, Mapapu akudutsa kumbuyo kwawo ndi ndowa. Panali madzulo ena amene ankafika kunyumba osafuna ngakhale kuuona mgolo. Pa masiku otero mkazi wake sankamulimbikitsa ndi mawu. Ankangonyamula makina kupita nawo kukhomo la kuseri, n'kukhala pamenepo akusoka, mpaka iye atabwera.

Kenako tsiku lina ali pamchenga paja, mphunzitsi anamutsomphola chopumira, ndipo thovu linatuluka lokha iye asanaganize n'komwe. Anayesanso, linatulukanso. Atavuuka mayiyo sananene kanthu. Mapapu anali atamudziwa mokwanira kuti azindikire kuti kusanena kanthu ndiko kunali kuyamikira kwake.

Mphepo inali itayamba kutembenuka. M'mawa mafunde ankafika ndi thovu loyera kunsonga, ndipo asodzi ankati bata latsala pang'ono kutha.

"Mawa tikupita pa sitima," mphunzitsi anatero.

M'mawa wa tsikulo mkazi wake anamuperekeza mpaka pachipata chokha.

"Mukabwere ndi njala," anatero. "Ndiphika zambiri."

M'boti anali atatu: iye, mphunzitsi ndi mlamu wake. Anamangirira boti pa choyandama chachikasu. Mapapu anavala suti, lamba wa mtovu womuthandiza kumira, jekete yopopa ndi botolo. Analavulira m'magalasi n'kuwatsukuluza kuti asachite nkhungu. Mphunzitsi anayang'ana zomangira zake zonse, iyenso anayang'ana za mphunzitsi, monga mwa lamulo la ntchitoyo.

"Tiyamba tazungulira sitima," mayiyo anatero. "Inu patsogolo, ine pambuyo. Tikabwerera pachingwe mudzachita zija zinakukanikani: mpweya umodzi, n'kukwera mpaka pamwamba ngati botolo latha. Mwamva?"

"Ndamva."

"Alamu," anatero woyendetsa boti uja, mawu atatsika, "mukang'ung'udze mokweza. Ndizimvera kuno."

Anatsika mogwira chingwe. Madzi anali obiriwira pamwamba, kenako anayera, ndipo sitima inayamba kuonekera pang'onopang'ono pansi pa mapazi awo.

Mapapu ankaganiza kuti amaidziwa sitimayi. Koma zaka zonse zija ankaidziwa ngati mmene wodzapala moto amadziwira nyumba ya mnansi: kulowa, kutenga, kutuluka. Tsikuli linali loyamba kufikapo wopanda mkondo ndiponso wopanda changu.

Anaona nthiti zachitsulo za sitimayo zitaima mumzere, iliyonse itavala makorali ofiirira ndi achikasu, ena ofewa ogwedezeka ngati udzu. Anaona makwerero okwera kupita kumene kulibenso chipinda. Pakati pa miyala panali chidutswa cha mbale yadothi yokhala ndi kamzere ka buluu m'mphepete, chitagwidwa zolimba ndi korali, ndipo anadzifunsa kuti anadyerapo komaliza ndani. Tinsomba tamizeremizere tinkalowa pawindo lozungulira n'kutulukira pa lina. Nsomba ina inangoima chilili, kukamwa kuli yasa, kansomba kakang'ono kakuitsuka m'mano. Kamba wa m'nyanja ankadya ndere pa nangula, osawalabadira. Iye anali atadutsa pamenepa kosawerengeka, koma zonsezi anali asanazionepo.

Thovu lake linkakwera bwinobwino. Kukoka, kutulutsa, kukoka, kutulutsa.

Anafika pa chithanki chachikulu chimene kale ankawiritsiramo madzi oyendetsa injini. Pakamwa pake panali bii. Ndipo mumdima umenewo munatuluka mutu.

Chinali chinsomba cha mawangamawanga, cha milomo yochindikala, chachikulu ngati munthu wogona. Mapapu anachidziwa pomwepo. Pambali pake panali chipsera choyera, ndipo mkondo umene unasiya chipseracho unali wake. Anachisaka nyengo zingapo chiletso chisanabwere, koma nthawi zonse chinkamuona msanga n'kubwerera mumdima. Lero chinatuluka chonse, n'kuima patsogolo pake, pafupi moti akanatha kuchikhudza.

Mlenje wa pansi pa madzi amadziwa chinthu chimodzi: thovu limathawitsa nsomba. Mapapu sanaganize. Thupi linauma lokha, dzanja lamanja linafumbata mkondo umene kunalibe, ndipo khosi linatseka.

Koma munthu wovala botolo akadzaza chifuwa n'kuchitseka, amapepuka. Pang'onopang'ono mchenga unayamba kutalikira. Pakamwa pa chithanki, pamene panali moyang'anana ndi maso ake, panatsikira pachifuwa, kenako pamawondo. Iye maso anali pa chinsomba basi.

Chimene chinamudzutsa ndi bata. M'makutu mwake munali zii. Kwa milungu yonse ija anali atazolowera kumva kulira kwa mawu ake, ndipo tsopano kunalibe. Nthawi yomweyo anamva kudzaza pansi pa nthiti, kochepa, ngati munthu akumukumbatira mopitirira pang'ono.

Chinsomba chinali chikumuyang'anabe. Anadziwa kuti akatulutsa mpweya chipita, ndipo mwina sichidzamuyandikiranso chonchi. Anatsegula khosi, nang'ung'udza.

Thovu linaphulika m'mbali mwa nkhope yake. Chinsomba chinatembenuka kamodzi n'kulowa mumdima. Chifuwa chinamasuka, ndipo iye anatsikanso pang'onopang'ono mpaka zipsepse zinayandikira mchenga. Atacheuka anaona mphunzitsi ali pafupi kwambiri, dzanja lili m'mwamba, litatsala pang'ono kufika pa lamba wake. Anayang'anana kudzera m'magalasi. Mayiyo anabweza dzanja, naloza kutsogolo.

Anamaliza kuzungulira. Anadutsa pa chopalasira chachikulu cha kumbuyo kwa sitima, chimene phiko lake limodzi linali lalitali kuposa munthu, n'kubwerera pachingwe. Mapapu sankadziwa ngati wakhoza kapena zatha kale. Mphunzitsi anagwira chingwe ndi dzanja limodzi, linalo anagwira jekete ya Mapapu monga mwa lamulo la mayesowo, n'kumupatsa chizindikiro.

Anakoka mpweya umodzi. Anakweza dzanja, nayang'ana kumwamba kumene mimba ya boti inkaoneka ngati tsamba lakuda, nayamba kupalasa miyendo akutulutsa mawu aatali osaduka.

Atafika pakatikati, mantha akale anabwera. Anamuuza kuti mpweya ukutha, kuti wapereka wambiri, kuti atsekeko wotsalawo. Iye anapitiriza kutulutsa. Ndipo apa anaona chinthu chimene mphunzitsi anachinena kambirimbiri koma iye sankachikhulupirira: mpweya sunkatha. Ankatulutsa, chifuwa n'kumadzazanso chokha. Akamakwera, wotsalawo unkafufuma n'kulowa m'malo mwa umene wapita. Madzi anawala, anatentha, kenako mutu wake unatulukira padzuwa mawu aja akadali pakamwa, mpweya wina utatsalabe.

Anapopa jekete ndi pakamwa monga anaphunzirira, n'kugona chagada pamadzi. Kumwamba kunali mtambo umodzi. Anauyang'ana kwa kanthawi.

M'boti mphunzitsi anavula zipsepse zake mosafulumira, anafinya tsitsi, anamwa madzi. Mlamu uja analephera kupirira.

"Aphunzitsi, musatiphe ndi mtima. Chule wathuyu wakhoza kapena tikamuwonjezere mgolo wina?"

Mayiyo anayang'ana Mapapu.

"Pa chithanki paja ndinakuonani."

"Ndikudziwa."

"Dzanja langa linali litanyamuka kale. Ndikanakugwirani, bwenzi nkhani itathera pomwepo, ndipo sindikanasintha mawu anga. Koma munadzimva nokha ndisanafike." Anatseka botolo lake la madzi akumwa. "Chizolowezi chimenechi mwina sichidzakutherani, bambo. Chimene ndimafuna kuona n'chakuti chikabwera muzichizindikira, chifukwa mawa ine sindidzakhala kumbuyo kwanu. Kumbuyo kwanu kudzakhala ana a eni."

Mapapu anagwedeza mutu.

"Mwakhoza," anatero mphunzitsi.

Mlamu uja anamenya mbali ya boti mpaka mbalame zimene zinatera pa choyandama zinauluka.

"Ndinadziwa ine! Ndakhala ndikuwauza anthu padoko ponse!"

"Mwakhala mukuwauza kuti ndine chule."

"Eya, koma chule wa m'banja mwathu. Osati chule wamba."

Atafika kunyumba anapeza makina akulira pakhonde. Mkazi wake anamuona akulowa pachipata, koma sanaimitse. Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano, kenako anadzutsa maso.

"Zayenda bwanji?"

"Ndakhoza."

"Chabwino. Ndiye mgolo uja mundibwezere, zovala zaunjikana."

Anapondanso makina. Koma msoko umene anasoka pambuyo pake unakhota kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mawa lake anachita kuumasula wonse. Pa zaka zonse za ntchito yake, zimenezo zinali zisanachitikepo.

Chiphaso cha wotsogolera alendo sichinabwere tsiku lomwelo. Panali maphunziro ena kutsogolo, a kupulumutsa munthu womira, a kuthandiza wokomoka, ndi a m'mabuku amene anamutulutsa thukuta, poti sukulu anaisiyira panjira. Mayeso ena anachita kubwereza. Nyengo ya mafunde inabwera n'kupita iye akutsukabe masuti. Koma chitseko chimene chikanatsekeka mpaka kalekale chinali chitatseguka, ndipo zotsalazo zinali za khama basi.

Bata litabwerera, Mapapu anatsika pachingwe chija ali patsogolo, alendo ali pambuyo pake. Anakhala wotsogolera wosafulumira. Mlendo wamantha ankamuzindikira asanalowe n'komwe m'madzi, ndipo ankakhala naye pafupi, maso ali pa thovu lake. Sankalola munthu kukhudza korali kapena kutola kanthu. Amene ankafuna kujambula ankawaonetsa poima kuti dzuwa ligwere bwino pa nthiti za sitima. Posakhalitsa alendo anayamba kuuzana, ndipo ena pofika pa kampani ankafunsa za bambo wa imvi uja. Awiri mwa anzake a pansi pa mtengo anabwera kushedi tsiku lina, zipewa zili m'manja, kudzafunsa ngati maphunziro akadalipo. Iye sanawakumbutse kalikonse. Anawapatsa ndowa.

Tsiku lina anatsogolera mayi wachikulire amene anaphunzira kubira atapuma kale pantchito. Atavuuka mayiyo anakhala m'boti, thaulo lili m'mapewa, akuyang'ana pamadzi pamene anatulukira.

"Bambo, sitimayi mwaidziwa nthawi yaitali bwanji?"

Mapapu anali akukulunga paipi ya chopumira. Anaganiza pang'ono.

"Kuidziwa ndinayamba ndili mwana, mayi. Kuiona ndayamba posachedwapa."

Anakhazika botolo m'malo mwake, analimanga, n'kuuza mlamu wake kuti amasule chingwe, chifukwa padoko panali gulu lina likumudikira.

Inu owerenga, si nthawi zonse pamene munthu amagwa chifukwa cha ulesi. Nthawi zina chomugwetsa chimakhala luso lomwe linamudyetsa dzulo. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, musachite nalo manyazi lusolo, linagwira ntchito yake pa nthawi yake. Koma zinthu zikasintha, lolani kukhalanso wophunzira, ngakhale wokuphunzitsaniyo atakhala wa msinkhu wa mwana wanu. Anthu adzaseka, ndipo ena mwa osekawo adzakhala a pakhomo panu pomwe. Asiyeni aseke. Mukalephera lero, pitani kunyumba, mukadye, mukapume, mawa mubwererenso pomwe mwasiyira. Musataye mtima.